Mzungu wa Pakhoma la a Dunstan

"Mwawapeza agogo athu m'mabuku anu aja?"

Amene anafunsa anali a Dunstan, bambo ake a Philip, akuloza chithunzi chakale pakhoma: mzungu wandevu, dzanja lili pachifuwa. Banja lonseli, kuno ku Mbedza, limati khungu lawo loyererako linachokera kwa iyeyu, ndipo chaka chilichonse amamuperekera Misa.

Cathy anali atagwada pafupi ndi chitseko, envelopu ya pepala la zimene anapeza ili m'manja. Chinkhoswe chake ndi Philip chinali Loweruka likudzali. Poti amaphunzira mbiri yakale ku yunivesite, a Dunstan anamutuma kuti afufuze za mzunguyo.

Anamupezadi. Anali phungu wa nyumba ya malamulo ya ku Amerika, ndipo anamwalira mu 1868 alibe mwana, asanapondepo mu Afirika. Chithunzicho wina anangochidula m'buku kalekale n'kuchiika m'felemu.

Cathy anayang'ana Philip. Mnyamatayo maso anali pawindo, kumene nkhungu inkatsetsereka phiri. Anapukusa mutu pang'ono chabe, ndipo Cathy anazindikira kuti wokondedwa wakeyo ankadziwa kale zoona zake.

"Yankhulanitu, mayi," anatero a Dunstan. "Mpongozi wobisa mawu ine ayi."

Cathy anayankha.

"Ndawapeza, bambo. Anali phungu, munthu wamkulu zedi."

A Dunstan anawomba m'manja, misozi ili lengelenge.

"Ndimadziwa ine! Pepalalo musatsegule pano ayi. Mudzaliwerenge lonse Loweruka pa maikolofoni, kuti akwanu amve okha mtundu umene mukulowamo."