Opaleshoni ya M'botolo ya a Zondwayo

Panali munthu wina ku Edingeni, m'boma la Mzimba, dzina lake a Zondwayo. Anali mlimi wa fodya, wa ng'ombe zake ndi ngolo yake, ndipo ankanyadira kuti chibadwire sanagonepo m'chipatala.

Tsiku lina akumwa tiyi, kapu inawapulumuka m'manja. Mkono wamanja unangoti lende, lilime n'kulemera. Mkazi wawo, NyaShawa, asanaitane n'komwe anthu, zonse zinabwerera mwakale. A Zondwayo anati n'kutopa chabe. Zitachitikanso, NyaShawa anawakakamiza kupita kuchipatala, ndipo kumeneko anawatumiza kuchipatala chachikulu komwe anawajambula pakhosi.

"Bambo, mtsempha wopititsa magazi ku ubongo wachepa njira chifukwa cha mafuta omwe aundana m'kati," anatero dokotala. "Zomwe zakuchitikiranizi ndi chenjezo la sitiroko. Pali opaleshoni yotchedwa endarterectomy. Tanthauzo lake n'kutsegula mtsempha ndi kuchotsa zomwe zamata m'kati mwake, kenako n'kusoka. Ochita opaleshoniyi ndi ochepa kuno, ndiye musachedwe. Pakali pano muzimwa mapilitsi awa tsiku lililonse."

A Zondwayo anaseka. "Dzina lakelo likuyamba ndi enda. Mbwenu akundiuza kuti ndiende kumanda."

NyaShawa sanaseke. Anaimbira foni mwana wawo Lusayo, yemwe amagwira ntchito ku Joni. Lusayo anati atenge ziphaso abwere, akaonane ndi madokotala kumeneko. Koma a Zondwayo anayamba zifukwa. Fodya ali m'chigafa. Ng'ombe ina ili ndi bere. Mvula ithe kaye. NyaShawa analankhula mpaka pakamwa kuuma.

Tsiku lina ali ndi NyaShawa pa depoti ya Mzimba kudikira galimoto yobwerera kumudzi, anakumana ndi mkulu wina wovala jekete yoyera, atayala mabotolo patebulo, akukuwa pa chimkuzamawu kuti amatsuka magazi. A Zondwayo anaima n'kumufotokozera vuto lawo lonse.

"Endarterectomy?" anatero mkuluyo, mosapunthwa lilime ngakhale pang'ono. "Adada, mwafika. Mawu amenewo amangotanthauza kutsuka mitsempha basi. Madokotala amatsuka ndi mpeni, ife timatsuka ndi botolo ili. N'chimodzimodzi. Kodi nkhuku mukaicheka pakhosi imadzukanso?"

A Zondwayo anagwira khosi lawo.

"Koma adokotala anati n'kutsegula mtsempha," anatero NyaShawa. "Botolo litsegula bwanji?"

"Amama, za thupi n'zozama chomene. Kungoti asiye mapilitsi aja, amalimbana ndi mankhwalawa."

NyaShawa anakoka amuna ake pambali. "Awisi Lusayo, ndapota, tiyeni tikafunse kaye kuchipatala. N'pafupi pompa."

"Iwe wamumva munthuyu m'mene akulitchulira dzinalo? Wosaphunzira angalitchule choncho? Khosi ndi langa ili."

NyaShawa anali atatopa ndi kukangana. Atagula, ananyamula mabotolowo m'chikwama chake chomwe, ndipo mpaka lero zimenezi zimamuwawa.

Mankhwalawo anali owawa ndipo ankatsegula m'mimba. A Zondwayo ankabwera kuchimbudzi akumwetulira, n'kumati mafuta aja akutuluka. Mapilitsi anawaponya m'dzenje. Lusayo akaimba, ankamuuza kuti, "Usavutike mwana wanga, opaleshoni ija ndachitira konkuno." Anayamba kuuza ngakhale anzawo kutchalitchi kuti iwo anapanga endarterectomy popanda chipsera.

M'mawa wina akumanga ng'ombe pagoli, anagwa pakhomo pa khola. Ulendo uno mkono sunabwerere. Pakamwa panapotoka, mwendo n'kufa. Anawanyamula pangolo yawo yomwe mpaka kumsewu.

Atawayeza kuchipatala, NyaShawa anagwada pamaso pa dokotala.

"Chitani tsopano opaleshoni ija, avomera."

"Mayi, dzukani," anatero dokotalayo. "Opaleshoni ija ndi yoteteza kuti izi zisachitike. Mbali ya ubongo yomwe yafa siingaidzutse."

NyaShawa anapita pa depoti kukamufuna mkulu wa jekete uja. Pamalo pake anapeza mayi wogulitsa tomato. Ena anati anamuona ku Euthini tsiku la msika, ena anati analowera ku Zambia. Sanafufuzenso. Akanamupeza akanamutani?

Lusayo anabwera, analira, n'kubwerera kuntchito, chifukwa tsopano nyumba yonse ikuyang'ana iye. Ng'ombe zinapita imodziimodzi. Munda wa fodya unamera tchire. Abale amabwera kudzazonda, amakhala pakhonde n'kumanong'onezana kuti pali munthu amene anawalodza a Zondwayo chifukwa cha nsanje. NyaShawa amawamva. Alibe mphamvu zofotokozera.

Iye ndi amene amawadzutsa, kuwasambitsa, kuwatembenuza kuti asachite zilonda, kuwatulutsa padzuwa ndi kuwalowetsanso. Msana wake unapindika. A Zondwayo, amene kale mawu awo ankamveka kutsidya kwa dambo, anatsala ndi liwu limodzi lokha. Akafuna madzi amanena lomwelo, akamva ululu lomwelo. NyaShawa akawapukuta pakamwa atatha kuwadyetsa, amamuyang'ana misozi ili mbwee, n'kunena liwu lomwelo, zikomo wa kwawo: "Yewo."

Phunziro: Kutchula bwino dzina la matenda kapena la opaleshoni si udokotala. Dokotala akakuuzani mawu ovuta, funsani tanthauzo lake komweko mpaka mumvetse, osati pa depoti. Musasiye mankhwala a kuchipatala chifukwa cha munthu amene mawa simudzamupeza. Ndipo mukamakana malangizo n'kumati thupi ndi lanu, kumbukirani amene adzakunyamuleni. Tumizani uthengawu kwa abale anu, makamaka aja amati chipatala n'cha anthu ofooka.