Botolo la Madzi a Pampopi

Panali munthu wina amene analakwa, ndipo analakwa akudziwa. Nkhaniyi ndi yoona, mwiniwakeyo ndimamudziwa bwino.

Munthuyu ankagwira ntchito padamu limene linkamwetsa tauni yonse. Pansi pa khoma la damulo panali kangalande kotulutsa madzi ochucha. Ntchito yake inali kutsika masitepe 214 m'mawa uliwonse, kutunga madziwo m'botolo, n'kukaika patebulo pa injiniya. Madzi akakhala oyera ndiye kuti khoma lili bwino. Akakhala amatope ndiye kuti khoma likudyeka m'kati.

Ankasinthana ndi mlamu wake, mlongo wa mkazi wake, yemwenso ndi amene anamupezera ntchitoyo. Sabata ino uyu, yamawa winayo.

Patapita chaka, munthu uja anatopa nawo masitepe. Anayamba kudzaza botolo pampopi wa kuseri kwa ofesi, n'kuwaza timadzi pansapato kuti azioneka ngati watsika.

Tsiku lina mlamu wake anamuonetsa botolo padzuwa.

"Alamu, anga akubwera ofiira, anu oyera ngati a ubatizo. Kodi inu mumatunga kumwamba?"

"Mumaponda m'ngalande ndi zimapazi zanuzo," anayankha akuseka.

"Sekani, koma Lolemba mutsike. Khoma silidziwa chilamu."

Sanatsike.

Injiniya anaitana munthu uja payekha. "Sabata yako madzi oyera, ya mlamu wako matope. Akunama ndani?"

Apa ndi pamene akanaulula. Koma anaopa kutha kwa ntchito. Anaweramitsa mutu n'kunena kuti, "Bwana, sindikufuna kuipitsa m'bale, koma alamuwo amabwera atalawa. Madziwo amavundula okha."

Mlamuyo anali asanalawepo mowa chibadwire. Injiniya, amene nayenso masitepe sankagwirizana nawo, anakhulupirira. Anamuchotsa ntchito osamuuza wamuneneza. Potsanzika, mlamuyo anangoti, "Mwatsala nokha alamu. Chonde muzitsika."

Sanatsikebe.

Mvula itayamba, khoma linatitimira pakati n'kuchita ming'alu. Akuluakulu analamula kuti madzi onse atayidwe khoma lisanaphulike. Mipopi inauma kwa miyezi isanu ndi inayi. Anthu anayamba kumwa a m'zithaphwi, kolera inalowa. Mmodzi mwa omwalira anali mkazi wa mlamu uja.

Pamaliro munthu uja ananyamula nawo bokosi. Analira kuposa onse, anthu n'kumati koma bamboyu ndi wachikondi. Ofufuza anati khomalo linangokalamba, za botolo palibe anafunsa. Iye anagwira ntchito mpaka kupuma, potsanzikana anamuombera m'manja.

Anakhala chete zaka 19. Chaka chathachi anapita kwa mlamu wake, anamupeza pakhonde akumata zidebe za anthu. Anamufotokozera zonse.

Mlamuyo sanadzutse mutu. "Za mpopizo ndinkadziwa. Nsapato zanu zinkanyowa pamwamba pokha, pamene wotsika kumusi amabwera ndi matope kunsi. Ndinatseka pakamwa chifukwa cha mlongo wanga ndi ana ake. Ndinasunga banja lanu, n'kutaya langa."

Anaika chidebe pansi.

"Koma zoti woledzera uja munamupanga ndinu, ndikuzimva lero. Ana anga akula akunenedwa kuti ndi ana a chidakwa. Ndiye lero mwandibweretsera chiyani, botolo lina loyera?"

Phunziro: Ntchito imene palibe amene akukuona ndi imene imasunga moyo wa anthu. Ukatopa, nena kuti ndatopa, usanamizire mnzako amene akutsika masitepe. Atumizireni nkhaniyi onse amene amasainira zinthu zimene sanazione, mwina wina atsika mawa. Ndipo musavutike kufunsa kuti munthuyo ndani, ndine amene ndalemba. Mlamu wanga sanandikhululukire ndipo sindikumuda. Ndinagwada pakati pa zidebe zija, ana ake akumva, ndinati: "Alamu, simunali woledzera, wabodza ndinali ine. Mayi a anawa anapita chifukwa cha masitepe amene ine ndinakana kutsika. Pepani."