Tinyongolotsi Totupa

"Tinyongolotsi tatupa!" anakuwa mayi wina wofufuza za sayansi, diso lili pa maikulosikopu, miyendo ikukana kukhazikika pansi.

Anali atathimitsa jini imodzi, kalangizo kachibadwa, m'tinyongolotsito. Kachubu kotulutsa madzi m'thupi, kogwira ntchito ngati impso, sikanamere, ndipo tinyongolotsi tonse tinangofufuma. Jini yomwe inamusowetsa mtendere zaka zonsezi inali yomweyi.

Anathamangira panja. Achimwene ake anali pabenchi, kudikira kuti awaperekeze kuchipatala cha impso. Mapazi awo anali atatupa moti nsapato anachita kuzinyamula m'manja.

"Achimwene, ndaipeza! Ndikangoithimitsa, madzi amadzaza thupi lonse!"

Iwo anayang'ana mapazi awo, kenako anamwetulira.

"Mwagwira ntchito, achemwali. Nanga kuyatsa kwake?"

Mayiyo anayamba kufunafuna makiyi a galimoto m'chikwama, makiyiwo ali m'dzanja lake.