Wojambula Wobisa Manja

Kutada ndinakwera pachulu cha kuseri kwa njanji ku Nkaya, poti netiweki imagwira pokhapo. Ndinali nditangokhazikitsa tsamba langa la pa intaneti loonetsera zithunzi za ojambula obisa mayina awo enieni.

Foni inalira. Wina wodzitcha Mlendo anatumiza chithunzi chojambulidwa ndi penti cha mayi ataima pachulu, chitenje chake ngati changa, manja atawabisa m'chitenjemo.

Malemu amuna anga, a Yotamu, ankalephera kujambula manja. Ankawabisa chomwecho.

"Ndinu ndani?" ndinalemba.

"Paja munati simufunsa mayina, Joanna."

Kumbuyo kwanga kunayamba kununkha parafini, amene a Yotamu ankatsukira maburashi awo ojambulira. Sindinacheuke, kuopa kuti angachoke.

"Musasunthe," anatero mawu amene ndawasowa chiwaikireni m'manda. "Sindinamalize."