M'kati mwa Paipi ya Madzi

Dokotala wa ziweto anadula paipi yomwetsera nkhuku n'kuipereka kwa mayi mwini khola.

"Pisanimo chala, mayi."

Chala chinatuluka ndi zonanda, zoterera ngati mamina.

"Koma adokotala, khola lino ndimakolopa kawiri pa tsiku!"

"Pansi m'poyera ndithu. Koma majeremusi amanga nyumba m'kati umu. Mankhwala amangodutsa pamwamba, ndipo shuga mumathira m'madzi uja ndiye chakudya chawo."

Mayiwo anayang'ana anapiye amene anafa m'mawawo, atandanda pa thumba. Inali miyezi iwiri chiwalalatireni alamu awo pagulu, ati ankawagulitsa anapiye odwala kale.

Anapukutira chala pa epuloni, natulutsa foni.

"Alamu, ndine. Chonde musadule."