Kilachi Yolira ya Malemu

Pofika pa nkhani ya pikapu, a Injiniya anali atagawa kale za m'nyumba zonse. Firiji, mipando ya pabalaza ndi wailesi yakanema anati zitsale ndi mlamu wawo wamasiye ndi ana ake awiri. Iwo, monga mkulu wake wa malemu, akhutira ndi galimoto basi. Ananena izi atazolika mutu, ngati munthu amene wasankha fupa n'kusiyira anzake mnofu.

Dzina la Injiniya analipeza kalekale, atagwirako ntchito ya ulonda pagalaji ina kwa miyezi itatu. Chiyambire pamenepo, galimoto ikangotsokomola pamsewu iwo ankatchula matenda ake isanakhote n'komwe.

Pikapuyo inali yamakedzana, ya mabampala achitsulo chenicheni, mpando umodzi wautali kutsogolo, utoto utasuluka padenga. Malemu ankanyamulira anthu njerwa ndi mchenga, ndipo ana ankadya ndi kuvala chifukwa cha iyo. Mlamuyo anayesa kukumbutsa zimenezi, koma azakhali, amene anagwira pepala lolembapo za aliyense, anamudula kuti mkazi amene misozi sinaume sakanganirana zitsulo ndi abale a mwamuna. Anangokhala pakhonde n'kumayamwitsa wamng'onoyo.

A Injiniya anakwera n'kuliza injini. Inalira bwino, mtima wawo n'kuti myaa. Atangoponda kilachi, kunamveka tswiii, ngati khoswe wopanidwa ndi chitseko. Anachotsa phazi, kunati zii. Anapondanso, tswiii. Azakhali anagwira makutu.

A Injiniya anafunsa kuti zayamba liti. Mlamu anayankha kuti chaka chatha chonse inkalira choncho. Nanga kwa makaniko inapitako? Iye anapukusa mutu, maso ali pa mwana.

A Injiniya anavula jekete, anayala thumba pansi, nalowa chagada kunsi kwa galimoto. Anagogoda apa ndi sipanala, anagogoda apo, ananunkhiza chala. Atatuluka, ali ndi dothi m'tsitsi, anayamba kuphunzitsa. Beringi ya kilachi inatha kalekale. Beringi ikatha imadya mbale ya kilachi, mbaleyo imadya zinzake, mpaka matenda kufika mu giyabokosi. Pofunika kutsitsa mimba yonse ya galimoto, ndipo zipangizo za mtundu umenewu anasiya kupanga iwo akadavala kabudula wasukulu. Azakhali ankangovomera ndi mutu, ngakhale sanamvepo ndi chimodzi chomwe.

Akulankhula choncho, m'maganizo anali atafika kale kwawo. Anaiona pikapu itakhala pamiyala kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikira mazira pampando. Anawamva akazi awo akuuza anzawo kuti anthu akamabwera ndi chuma kuchokera kumaliro, amuna awo anabwera ndi khola. Kenaka maso awo anadutsa pawindo n'kukagwa pa firiji, yoyera mbee, ikung'ung'udza mwaulemu pakona.

Pomwepo chifundo chinawagwira. Anatsokomola, nati mtima ukuwatsutsa. Angalande bwanji chikumbutso cha bambo kwa ana amasiye? Magazi ndi magazi. Galimoto itsale pakhomo pano, anawa akamakula aziiona. Iwo adzipereka, atenga tinthu tam'nyumba tija, poti wina ayenera kuluza.

Azakhali anati mtima wotere masiku ano ndi wosowa, nakhwatcha zimene analemba poyamba.

"Alamu, ndiye anawa azikhala pansi?" mlamu anafunsa, mawu ali pansipansi.

"Pansi sipaluma, mlamu. Ife tinakulira pamphasa, onani lero."

Mayiyo anaphimba nkhope ndi nsalu yoberekera mwana, mapewa akugwedezeka. A Injiniya anayang'ana kumbali. Misozi ya akazi sankaikonda, imachedwetsa ntchito. Anasayina msangamsanga asanasinthe maganizo munthu. Azakhali anasayina, mlamunso anasayina, atapempha kuti amuwerengere kawiri mzere wa galimoto. A Injiniya anamumvera chisoni pang'ono. Kusaphunzira n'kovuta, anaganiza, munthu amakakamira ndi mtembo womwe.

Kutulutsa katundu anatulutsa okha, thukuta lili kamukamu, kuopa kuti wina angakande firiji. Zonse zitaunjikana pabwalo, dzuwa lili paliwombo, m'pamene anakumbukira kuti kwawo n'kutali ndipo mipando ilibe miyendo yoyendera. Anaima manja ali m'chiuno, akuyang'ana kumsewu ngati kutulukira ngolo yachifundo.

Mlamu anapatsira azakhali mwana, nalowa m'nyumba. Anatuluka ndi kachitini kakuda kopanda chivundikiro, nati asavutike, awaperekeza ndi pikapu. A Injiniya anaseka mpaka kugwira firiji. Anati chinthu chimenecho chikafika pageti, iwo asiya dzina lawo pomwepo, ndipo asayerekeze kukweza katundu wawo pa maliro achiwiri.

Mayiyo anapita kupikapu kuja. Anagwada pakhomo la dalaivala, analowetsa mutu kunsi kwa chiwongolero, natapa girisi ndi chala chimodzi. Anapaka pakachitsulo pamene pedulo ya kilachi imazungulirapo ndi pa sipulingi yake, napukuta chalacho pa tayala. Anakhala pampando, analiza injini, naponda kilachi mpaka pansi. Kunali zii. Giya inalowa ngati mpeni mu papaya wakupsa, pikapu n'kubwerera mbuyo mwakachetechete mpaka kuima pafupi ndi mapazi a Injiniya.

"Ndi pedulo chabe, alamu, inkalira ngakhale injini ili yozima," anatero atatulutsa mutu pawindo. "Achimwene anu ankandiletsa kupaka. Ankati phokosoli ndi mlonda, limathamangitsa abale. Kwezani firiji yanu."