Makiro Anati Mtsinje Ndi Wouma

Immaculate anaupeza mzere wolakwika pa kompyuta dzuwa lili pamutu.

Ndi iye amene analemba pulogalamu yochenjeza midzi Shire akamadzaza. Zoyezera madzi zinalipo makumi atatu, ndipo chilichonse chinafunika kabokosi kake kosungira nambala m'pulogalamumo. Kulemba kamodzikamodzi kunamutopetsa, choncho anapanga makiro: kamzere kamodzi kobereka timabokosi tonse tofanana, toyambiranso pa ziro ola lililonse.

Choyezera cha kumunsi kwa Chiromo chinakokoloka madzi atangoyamba kukwera. Chitasiya kutumiza manambala, kabokosi kake kanangokhala pa ziro, ndipo kwa pulogalamuyo ziro ankatanthauza mtsinje wouma. Midzi ina yonse inalandira uthenga pafoni. Mudzi wa pafupi ndi choyezeracho unangozindikira madzi ali pakhomo.

A Shadreck, dalaivala wa pa ofesipo, analowa matope akulekeza m'mawondo. Mlongo wawo Dorika ankakhala m'mudzi womwewo.

"Tamupeza m'mabango atamwalira kale," anatero a Shadreck. "Foni anaikulunga m'pulasitiki, n'kuimanga pansonga ya chitenje. Ankati mayi a kompyuta atiuza nthawi yothawa."

Anaiika patebulo. Inali ikuyakabe, koma munalibe uthenga uliwonse.

"Mayi, kodi vuto linali netiweki? Ndiuzeni, ndikawauze ana ake."

Immaculate anayang'ananso kamzere kaja. Sikanali kotalika ngakhale kuposa chala chake. Anakumbukira mmene anadziwombera m'manja tsiku limene kanagwira ntchito.

"Netiweki inalipo, bambo Shadreck," anatero.